Kazitape Akabwera Kachiwiri

Ku Fordsburg, mumzinda wa Johannesburg, kuli mlonda wina wa kwa Ganya ku Ntcheu amene amafupikitsa usiku ndi mafilimu a akazitape. Kale ankagula ma DVD a m'mphepete mwa msewu. Lero amaonera pafoni, m'kanyumba kake ka pageti. Filimu ikamukomera, yotsatira yake amaizengereza miyezi, monga achitira munthu ndi kalata ya kumudzi imene akuikayikira kuti muli uthenga wa maliro.

Imene inamugwira mtima ndi The Bourne Identity ya mu 2002. Asodzi avuula munthu m'nyanja ya Mediterranean, zipolopolo zili kumsana, dzina lake waliiwala. Ku banki ya ku Zurich akupeza mapasipoti ambiri, nkhope ili yake koma mayina osiyanasiyana. Kwa mlondayu iyi siinali nthano yakutali. Mu Meyi 2008, zipolowe zothamangitsa alendo zitabuka ku Alexandra n'kufalikira, anthu 62 n'kuphedwa, iye anakhala milungu ingapo akuyankhula Chizulu chobwereka m'minibasi, akuweta lilime kuti lisamupereke. Kuyambira apo akalowa m'chipinda, maso amayamba afunafuna khomo lotulukira, ngati Bourne.

The Bourne Supremacy ya mu 2004 anaiyamikira chifukwa cha mathero ake, pamene Bourne akupita ku Moscow kukaulula kwa mtsikana kuti ndiye anapha makolo ake. Filimu yoyamba inasiya mangawa, yachiwiri inakabweza. Yachitatu, ya mu 2007, inatseka nkhani. Koma pamene Matt Damon anabwereranso mu 2016, munthu uja anali atadziwa kale kuti ndi David Webb, ndipo chotsala chinali kuphwanya magalimoto ku Las Vegas. Mlondayu anangoti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, n'kuzimitsa foni filimu isanathe.

Chitsanzo chomupweteka koposa ndi cha mu Joni momwemo. Mu 1973, m'nyumba ya kanema ya Eyethu ku Soweto munaonetsedwa Joe Bullet, imodzi mwa mafilimu oyamba a ku South Africa okhala ndi ochita sewero akuda okhaokha. Ken Gampu wa ku Germiston ndiye anali Joe, katswiri wa karate ndi mfuti woitanidwa kudzateteza timu ya mpira, The Eagles, kwa zigawenga zofuna kuisokoneza isanasewere ndime yomaliza ya chikho. Pambali pake panali woyimba Abigail Kubeka. Nkhani yake njopepuka, ndipo ndewu zina lero zimaseketsa. Komabe boma la tsankho linailetsa itaonetsedwa kawiri kokha. Silinaope nkhaniyo ayi. Linaopa munthu wakuda wogwira mfuti, woyendetsa galimoto yapamwamba, wosapempha chilolezo kwa aliyense, pamene anthu omuonererawo anali ndi chiphaso m'thumba.

Joe anabweranso mu 1982 mu Bullet on the Run, yopangidwa ndi Tonie van der Merwe, m'nyengo imene boma lomwelo linkapereka ndalama kwa opanga mafilimu oonetsa anthu akuda. Ulendo uno Joe akulowa m'ndende monamizira ukaidi kuti athandize apolisi kugwira zigawenga. Pa ukazitape, yachiwiriyi ndiyo yoyenera dzinalo, pakuti muli kudzibisa ndi kunyenga. Gampu ndi yemwe uja, mawu ake ngolemera chimodzimodzi. Chimene chinasowa ndi chija chinachititsa akuluakulu mantha. Joe woyamba sanali wa munthu. Wachiwiri wapatsidwa ntchito, ndipo omutuma ndi apolisi, m'dziko limene apolisi ankagogoda pamakomo a ku Soweto m'bandakucha kufunsa ziphaso. Mlondayu anaona mafilimu onse awiri atakonzedwanso ndi kampani ya Gravel Road ya ku Cape Town, patapita zaka makumi anayi chiletsedwere yoyamba ija, ndipo pa yachiwiri anakhala chete nthawi yaitali. Iye mwini anathawira kumudzi pa basi mu 2008, n'kubwereranso patatha zaka ziwiri, wofatsa, wodziwa pogwada ndi poti "baas". Anzake a ulendo woyamba amati anasintha.

Nkosavuta kuimba mlandu umbombo wa opanga mafilimu, ndipo nthawi zambiri mlanduwo ngoona. Koma Bourne wachiwiri anapangidwanso pofuna ndalama, n'kukhala wabwino, chifukwa anali adakali ndi choopa ndiponso cholapa. Joe Bullet analandidwa zonse ziwiri asanayambe n'komwe kuthamanga.

Mu Febuluwale 2020 Netflix inatulutsa Queen Sono, nkhani ya Kagiso Lediga, Pearl Thusi ali kazitape wofufuza imfa ya mayi ake m'misewu imene mlondayu amaidziwa ndi mapazi. Gawo lachiwiri linalonjezedwa, kenaka m'chaka chomwecho linathetsedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19. Anzake anadandaula. Iye sanavomereze kapena kutsutsa. Zigawo zisanu ndi chimodzi zija amazibwerezabe, ndipo galimoto ikaliza hutala pageti amaimitsa kanema, kutsekula, kulemba nambala m'buku, n'kubwerera pampando.