Ku Taipei ndinaona momwe amazulira mabodza a pa foni

Sitima yoyenda pansi pa nthaka imakutulani ku Nangang, chakum'mawa kwa mzinda wa Taipei, ndipo kuchokera pamenepo basi imakafika nanu pachipata cha Academia Sinica, likulu la kafukufuku la dziko la Taiwan. Ndinafikako Loweruka m'mawa, kutopa kwa ulendo wodzera ku Addis Ababa ndi Bangkok kudakali m'mafupa. Achikulire akukumbuka kuti Malawi anali pa ubale ndi Taiwan kuyambira 1966 mpaka kumapeto kwa 2007, ndi kuti chipatala chachikulu cha Mzuzu chinamangidwa ndi thandizo lawo. Koma chimene chinanditengera kumeneko ndi msonkhano wa gulu la g0v, umene umachitika pakatha miyezi iwiri iliyonse.

M'holo munali mutadzaza kale. Aliyense anamata pachifuwa kapepala kosonyeza luso lake: uyu wolemba mapulogalamu a kompyuta, uyo wojambula, winayo loya kapena mtolankhani. Amene wabwera ndi ganizo amapatsidwa mphindi zitatu zokha kuti alifotokoze, zikatha amatsika. Kenako anthu amadzisankhira gulu lolowamo, n'kukoka mipando kuzungulira tebulo limodzi. Masana amadya nkhuku yokazinga ndi pizza maso ali pa kompyuta, ndipo madzulo gulu lililonse limaimirira kuonetsa pamene lafika.

Zonsezi zinabadwira pa mpikisano. Mu 2012 boma la Taiwan linaulutsa uthenga pa wailesi ya kanema wokhudza ndondomeko yake yotukula chuma, koma m'malo moifotokoza unangouza anthu kuti nkhaniyo ndi yovuta kuilongosola mwachidule. Chia-liang Kao, mmodzi mwa amene anadzayambitsa g0v, ndi anzake anapsa mtima. Pa mpikisano wa Yahoo Open Hack Day chaka chomwecho, anatenga bajeti ya boma n'kuisandutsa zithunzi zoti munthu wamba aone kumene msonkho wake ukupita. Ndalama zimene anapata anachititsira msonkhano woyamba wa g0v mu Disembala 2012. Audrey Tang, amene mu 2016 analowa m'boma ngati nduna yoona za digito, anali mmodzi wa anthu ojijirika m'gululi.

Ine ndinakhalitsa pa tebulo la Cofacts, ntchito imene Johnson Liang anaiyamba mu 2016 ndipo wakhala akuiyendetsa limodzi ndi Billion Lee. Ku Taiwan, dziko la anthu pafupifupi 23 miliyoni, macheza a pabanja ndi a kuntchito amachitikira pa LINE, monga ife tichitira pa WhatsApp. Mabodza ambiri amadzera m'magulu otsekedwa amenewa, mmene mtolankhani sangalowe. Cofacts inapeza njira yosavuta. Ukalandira uthenga wokayikitsa, umautumiza kwa iwo pa LINE pomwepo. Ngati wina anaufufuza kale, yankho limabwera nthawi yomweyo, ndi umboni wake. Ngati ndi watsopano, umafunsidwa ngati ukulola kuti uikidwe poyera kuti ongodzipereka aufufuze.

Pafupi ndi ine panali mayi wina wachikulire ndithu, magalasi ali pamphuno, akulimbana ndi uthenga wonena kuti chakudya china chimachiritsa khansa. Anatsegula tsamba la unduna wa zaumoyo, anawerenga nkhani ya dokotala, anabwereranso ku uthenga uja kuona chiganizo chimene chapotozedwa. Yankho lake analilemba ndi kulifufuta kangapo. Mnzake anandimasulira kuti mayiwo amafuna mawu oti mwana angawatumize kwa bambo ake popanda bambowo kumva ngati anyozedwa. Atamaliza anasankha chizindikiro chimodzi mwa zimene Cofacts imagwiritsa ntchito, monga izi: muli bodza, muli zoona, kapena ndi maganizo chabe a munthu. Wina akhoza kulemba yankho lotsutsana ndi lake, ndipo owerenga amavotera limene lawathandiza.

Ntchitoyi ili ngati kupalira m'dzinja: pamene ukumaliza mzere womaliza, udzu wameranso kumene unayambira.

Anthu a ku Taiwan ali ndi chifukwa chosatopera. Bungwe la V-Dem la ku Sweden lakhala likuika dzikoli patsogolo, chaka ndi chaka, pa mayiko amene amaponyeredwa nkhani zabodza kuchokera ku maboma akunja. Ndipo anaona ndi maso awo kuti bodza limapha. Mu Seputembala 2018 namondwe wa Jebi anatsekera apaulendo pa bwalo la ndege la Kansai ku Japan. Mphekesera inawanda yoti China yatumiza mabasi kukapulumutsa anthu ake pamene ofesi ya Taiwan ku Osaka yangokhala manja lende. Mkulu wa ofesiyo, Su Chii-cherng, ananyozedwa koopsa, ndipo pa 14 Seputembala anadzipha. Bungwe la Taiwan FactCheck Center linatsimikiza pambuyo pake kuti mabasiwo anakonza ndi akuluakulu a bwalo la ndegelo.

Chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha pa 13 Januwale 2024, chimene Lai Ching-te anapambana, chinali mayeso ena. Kanema anafalikira woonetsa wogwira ntchito yachisankho akulemba voti pa dzina lolakwika. Ofufuza a bungwe la MyGoPen anaonetsa kuti kanemayo anadulidwa: anthu amene analipo anaona cholakwikacho ndipo chinakonzedwa pompo. Chinathandizanso n'chakuti kumeneko voti iliyonse imakwezedwa m'mwamba ndi kutchulidwa mokweza, aliyense wofuna kuonerera ali pomwepo. Ife a ku Malawi amene tinadutsa mu nkhani ya Tippex, mpaka khoti kufafaniza chisankho pa 3 Febuluwale 2020, tikudziwa kulemera kwa zimenezi.

Nalonso boma lili ndi mpikisano wake, Presidential Hackathon, umene unayamba mu 2018 pamene Tsai Ing-wen anali mtsogoleri wa dziko. Magulu asanu opambana sapatsidwa ndalama. Mphoto yawo ndi lonjezo la mtsogoleri wa dziko kuti ganizo lawo lilowa mu ntchito za boma. Ichi n'chimene chinandigwira mtima kwambiri, chifukwa ndaona mipikisano yambiri ya achinyamata imene imathera pa chithunzi cha cheke chachikulu, pakatha mwezi tsamba la opambana aja latsekedwa. Cofacts yakhalitsa chifukwa ongodzipereka amakumanabe, ndiponso chifukwa zonse zimene afufuza n'zotsegukira aliyense. Pulogalamu ina yotchedwa Auntie Meiyu imatunga mayankho pomwepo n'kumawapereka m'magulu a mabanja, ndipo ku Thailand anatengera nzeru yomweyi n'kuyambitsa Cofact yawo.

Kwa amene mukukonza mipikisano yotere ku Lilongwe kapena ku Blantyre, pempho langa ndi ili: pa ndalama za mphoto mupatulepo zolipirira intaneti ndi malo okumanirana kwa chaka chathunthu, ndipo muumirire kuti mayankho azilembedwa m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, zilankhulo zimene mabodzawo amafikira nazo m'mafoni a makolo athu.