Makina Obanika m'Chilimwe

Mwezi wa Okutobala ukafika, fumbi la ku Mchinji silisankha nyumba. Limalowera pansi pa chitseko ndi m'mipata ya malata, ndipo likasakanikirana ndi phulusa la lupsa limakhala losalala ngati ufa woyera. Anthu amalipukuta pa mipando ndi pa mbale. Ochepa ndiwo amakumbukira kuti laputopu imalikoka yokha, ola ndi ola, n'kumalisunga m'mimba mwake.

Pa boma pomwepo pali mayi wina amene anapuma ntchito yauphunzitsi. Amapeza ya mchere ndi sopo potayipira anthu makalata ofunsira ntchito, ndondomeko za maliro ndi maukwati, ndiponso zolemba za ophunzira a sukulu zaukachenjede. Laputopu yawo, yogwiritsidwapo kale ntchito, anawatumizira mwana wawo wa ku Johannesburg. Ankaisamala ngati khanda: poigwiritsa ntchito ankaiyalira chitenje chopinda kanayi kuti isakalike ndi tebulo, ndipo m'nyengo yozizira ya mu Juni ankatayipira pabedi, makinawo ali pabulangete.

Chilimwe china inayamba kulira ngati njuchi zotsekeredwa m'botolo. Zilembo zinkachedwa kuoneka, chala chitadutsa kale. Kenaka tsiku lina masana inangozima, ali pakati pa ntchito ya mtsikana wina amene anayenera kukapereka zolemba zake patapita masiku awiri okha. Ozungulira sanasowe chonena. Ena anati ndi vairasi, ena anati yakalamba, enanso analoza chala kuthimathima kwa magetsi. Mwana wa ku Joni uja anati ina sangaikwanitse mpaka Disembala.

Amene anaitsegula anali mnyamata wokonza mafoni ndi makompyuta pamsika, yemwe kale anali wophunzira wawo. Atamasula chivundikiro chapansi anaseka chamumtima.

“Aphunzitsi, makinawa sakudwala ayi. Akubanika.”

“Kubanika bwanji, mwana wanga? Kodi ali ndi mphuno?”

Mphuno ali nazo ndithu. Ubongo wa kompyuta, purosesa, ndi kachidutswa kochepa ngati sitampu, koma kamatulutsa kutentha kochuluka pamalo ochepawo. Pamwamba pake pamagona kachubu kophwatalala ka mkuwa. M'kachubuko muli timadzi tochepa, ndipo mpweya unachotsedwamo, kotero timadzito timasanduka nthunzi tisanafike pa kutentha kumene madzi a m'poto amawirira. Nthunziyo imathamangira kumapeto ena, kumene kuli tizitsulo topyapyala tondandalikana ngati mano a chipeso. Fani imakoka mpweya kudzera m'tizibowo tapansi pa laputopu n'kuuzira pakati pa tizitsuloto; nthunzi imazizira, imabwerera kukhala madzi, ndipo imayenderera m'mbali mwa kachubuko kubwerera kwa purosesa. Ulendo umenewu suleka malinga makina ali oyaka.

Pakati pa fani ndi chipeso chija mnyamatayo anasololapo kachinthu kotuwa, kolukana ngati chidutswa cha bulangete: fumbi, ulusi wa chitenje, tsitsi ndi mwaye wa mbaula. Fani inkazungulira ndi mphamvu zake zonse, n'chifukwa chake inkalira, koma mpweya unalibe potulukira. Mapurosesa ambiri akayandikira madigiri 100 amachepetsa okha liwiro, ndipo zikapitirira amazimitsa makina onse kuti asapse. Kuchedwa kumene anthu ankakutcha ukalamba kunali kudziteteza. Chopweteka mtima n'chakuti chitenje chija, choyalidwa mwachikondi, ndicho chinkatseka tizibowo tolowera mpweya.

Chilankhulo chathu chili ndi mawu amodzi, kupuma, onena za kukoka mpweya ndiponso za kusiya ntchito kwa kanthawi. Mayiwo, laputopu ikatentha, ankaizimitsa kuti ipume. Inkafuna kupuma kwinako.

Kayeretsedwe kake sikanali kodabwitsa, koma kanali ndi mwambo. Anayamba walumula batire. Fumbi analimasula ndi burashi yakale ya mano, ndipo pouzira ndi makina ouzira mpweya anagwira mapiko a fani ndi chala, pakuti fani yozunguliritsidwa mopyola muyeso imaonongeka. Ndi pakamwa sanauzire, poopa malovu. Phala lotuwa limene limakhala pakati pa purosesa ndi mkuwa analipeza litauma ngati nkhoko za m'poto. Analipukuta ndi spiriti n'kuikapo latsopano, kadontho konga njere ya mpunga. Mayiwo atafunsa za timatebulo tokhala ndi mafani togulitsidwa m'masitolo, iye anati timathandiza pang'ono, koma kugula kameneko chipeso chili chotsekeka n'kungotaya ndalama. Sananame.

Zolemba za mtsikana uja zinatha usiku wotsatira, makina ali chete moti mayiwo ankayandikitsa khutu kuti atsimikize kuti fani ikuzungulira. Tsopano laputopu imakhala pa timatabwa tiwiri kuti mpweya uzidutsa pansi, ndipo imapita kumsika kawiri pachaka, chilimwe chisanakule ndiponso mvula yoyamba ikagwa. Chitenje amaifunditsa ikazima basi. Kachibulangete ka fumbi kaja anakasunga m'bokosi la machesi, ndipo aliyense wodandaula kuti makina ake akalamba amamuonetsa asanamutumize kwa mnyamata uja.