Muyeso wa Madzi

Kwathu ku Tsangano timalima tirigu, cimanga ndi mbatatesi. Abale athu a ku Furancungo, m'boma la Macanga, nawonso amalima cimanga.

Tikafuna kukonola, timayamba tawaza madzi mumtondo. Madzi akacepa, gaga sacoka, cimanga cimangosweka. Akaculuka, cimamata kumunsi. Muyeso wace uli m'manja mwathu. Tinauphunzira kwa amayi athu.

M'zigayo zikuluzikulu za m'mizinda, tirigu nayenso amamunyowetsa asanamugaye. Koma kumeneko sawaza ndi dzanja. Makina amayesa cinyontho ca tirigu ndi kulemera kwace pamene akudutsa. Kenaka makinawo amatsegula mpopi okha, napopera madzi oyenera, natsekanso. Tirigu wouma amakhala ndi madzi magawo pafupifupi 12 pa 100. Makina amaonjezera mpaka magawo 15 kapena 16. Tiriguyo amakhala maola angapo kuti madzi alowe. Motero gaga sanyenyeka, ufa umatuluka woyera.

Kodi makinawo amadziwa bwanji muyeso? Munthu ndiye amawaikira nambala. Akaika 19 m'malo mwa 16, ufa umacita nkhungu, cakudya cimatayika.

Ife timafika pa phunziro madzulo titatopa ndi khasu. Ena amafunsa kuti manambala adzatipindulira ciyani ife akuluakulu. Yankho ndi ili: tirigu ndi wathu. Tikapanda kudziwa manambala, ena adzayesa, ife tidzangosenza matumba.

Tiyeni titenge coko. Lero tilembe 12, 15 ndi 16.