Ku Buffalo, Kumene Anthu Amawerenga Nyanja

Mzinda wa Buffalo uli m'chigawo cha New York ku America, kumathero a kum'mawa kwa nyanja ya Erie. Tikafikako m'mwezi wa Febuluwale, tipeza misewu yatchingidwa mbali zonse ndi milu ya chipale chofewa, chimene chimagwa mwakachetechete ngati thonje, ndipo pa chaka chimapitirira mamita 2. Anthu akumeneko sayamba ulendo asanamve zimene a zanyengo alosera, pakuti kwa iwo imeneyi ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

Nanga olosera amadziwa bwanji? Tikawafunsa, atilozera kunyanja. Mphepo yozizira koopsa ikamadutsa pamwamba pa madzi ofundirapo, imanyamula chinyezi, ndipo ikafika kumtunda imachikhuthula ngati chipale. Mtambo wake umakhala wautali koma wopapatiza, kotero kuti mu Novembala 2014 midzi ina ya kum'mwera kwa mzindawu inakwiririka ndi chipale cha mamita pafupifupi 2, pamene kumpoto kunagwa chochepa. Mphepo ikapotoka pang'ono chabe, tsoka limasamukira kwa ena.

Erie ndiyo yosazama kwambiri mwa nyanja zazikulu 5 za deralo, choncho zaka zambiri imaundana nyengo yozizira ikafika pachimake. Ikaundana, chinyezi sichikweranso, ndipo anthu amapumako. N'chifukwa chake kumapeto kwa nyengoyi olosera amayang'ana kwambiri zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga, kuti aone pamene madzi akali poyera.

Komabe nyanja youndana si yoikhulupirira. Pa 28 Januwale 1977 kunabuka chimphepo chimene chinasesa chipale chimene chinaunjikana pamwamba pa nyanjayo ndi kuchithira mumzinda. Usana unasanduka mdima, magalimoto anaima m'misewu, ndipo ena anafera momwemo ndi kuzizira. Anthu oposa 20 anataya miyoyo. Mu Disembala 2022 nyanja inali isanaundane. Chenjezo linaperekedwa kukali masiku, komabe anthu oposa 40 anamwalira.

Apa tiona kuti kulosera ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo lili m'manja mwa womva: kusunga chakudya ndi mankhwala, kuyendera okalamba okhala okha, ndi kuimitsa ulendo ngakhale kumwamba kukuoneka koyera.