Mitengo imene nkhwangwa idailambalala ku Mangochi

Kuchoka pa Liwonde kudzera pa Ulongwe, msewu wa ku Mangochi umayenda m'chigwa chotentha, nyanja ya Malombe ikuonekera apo ndi apo kudzanja lamanja. Ndinadutsa kumeneko mu Seputembala, dzuwa lili loswa mtengo, minda ili mbee. Kulikonse kumene diso lagwera kunali milambe: pakati pa munda, kuseri kwa mzikiti, pabwalo la sukulu, yonse yopanda tsamba.

Mlendo angaganize kuti anthu a kuno adaisunga milambe chifukwa choikonda. Chikondicho chilipo ndithu, koma chimene chidaupulumutsa mtengowu ndi chakuti nkhwangwa ilibe nawo phindu. Mkati mwake ndi mwawofuwofu, modzaza madzi. Sutuluka thabwa, sukhala nsichi, ndipo woutentha kuti apeze makala angodzivuta. Tsono potsegula munda anthu amadula zonse n'kuusiya uli chilili. Mitengo imene idali pakati pa milambeyo, monga tsanya, mlombwa ndi mbawa, ina idasanduka zitseko ndi mabwato, ina ndi imene tinkakumana nayo m'matumba a makala pa njinga za anyamata.

Minibasi itaima pamudzi wina kudikira anthu, ndinatsika n'kupita pa mlambe umene unali pafupi ndi msewu. Chapansi pake, mpaka pamene mkono wa munthu ungafike, panali zipsera zazikulu za ngodya zinayi pamene adasendapo khungwa lopangira zingwe. Mtengo wina ukaukungula chotero wauma basi. Uwu khungwa lidamera lina, lonyezimira, losiyana mtundu ndi lakale. Chakumwamba kunali zikhomo zokhomeredwa mondondozana, zina zowola kale, zokwererapo pothyola zipatso kapena pofula njuchi. Amayi ena amene ankagulitsa malambe pansi pake ndinawafunsa ngati aliyense angathe kuthyola.

"Ayi bambo, uli ndi eni ake uwu. Ndi wa agogo athu aakazi, munda uno ngwawo," anandiyankha uku akundiswera limodzi pamwala.

Ufa wake umamata m'kamwa, wowawasa, ndipo ukaumwera madzi ludzu limatha. Amauthira m'phala, amapangira juwisi ndi mafilizi ogulitsa ana a sukulu. Masamba ake anthete ndi thelere, makoko ake akawawotcha phulusa lake amachezera chidulo. Kuyambira mu 2008, pamene mayiko a ku Ulaya adavomereza kuti ufa wa malambe uzigulitsidwa kwawo ngati chakudya, chipatso chimene ana ankangoponyerana chakhala katundu wa pasikelo.

Pa boma la Mangochi sindinachedwepo. Nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria ya mu 1903 ndi mfuti ya sitima ya Guendolen zili pomwepo pafupi ndi mlatho wa Shire, ndipo aliyense adazijambula kale. Ine maso anali pa migwalangwa ndi mivumo imene imayamba kuchuluka ukangotenga msewu wa ku Monkey Bay. Zonse zimene amagulitsa m'mbali mwa msewu cha ku Makawa ndi Namiasi, mikeka, zipewa, madengu, matsache, zachokera ku mlaza, ndipo mlazawo ndi masamba a mgwalangwa waung'ono. Akamaudula chaka ndi chaka umangokhala chitsamba, osakwera. Mgwalangwa wamtali adani ake ndi ogoma uchema, amene amasenga nsonga yake kuti madzi azidontha m'chigubu. Akapitiriza kusenga mpaka mtima wake, thunthu limatsala lili njo, lopanda mutu. Ndinaona mathunthu otere angapo chakunyanja.

Pali mtengo umodzi umene udapulumuka chifukwa cha ubwino wake weniweni, ndiwo nsangu. Nyengo ino mitengo ina itayoyola, nsangu imakhala yobiriwira, mbuzi zili pansi pake kutola nyemba zake zopiringizika. Mvula ikayamba ndi pamene imataya masamba, motero chimanga cha pansi pake chimaona dzuwa n'kudyanso manyowa a masambawo. Alimi adazidziwa izi kalekale, alangizi asanabwere ndi mapepala awo. Komabe ngakhale nsanguyo tsopano ili pangozi, ndipo ndinamva chifukwa chake pa doko lina pamene bambo wachikulire ankasema bwato ndi kasemasema. Anati kale bwato lenileni linali la mbawa kapena chonya, loti mwana amalowa m'malo mwa atate ake likadali pamadzi. Lero mitengo yaikulu yotere ili kutali, choncho amasema mango, bulugama ndi nsangu, mabwato osachedwa kuchucha. Chapafupi, amayi ankawamba milamba ndi kampango, nkhuni zili mulu. Nsomba imene timaikonda ku Blantyre ndi ku Lilongwe imadyanso nkhalango, ngakhale pogula sitifunsa zimenezo.

Nkhalango yooneka ngati nkhalango ndinaipeza nditapatukira ku Cape Maclear, m'mapiri a ku Nankumba. Kumeneku ndi m'paki ya Lake Malawi National Park, imene idakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO lidaiika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 1984. Chimene ankafuna kuteteza makamaka ndi nsomba za mbuna, koma mitengo idapezerapo mwayi. Msewu umakhota pakati pa miyala ikuluikulu, ndipo pakati pa miyalayo pali misetanyani ya makungwa oyera osalala, anyani ali khale m'mbali.

Kufupi ndi manda a amishoni kuli mlambe waukulu umene alendo onse amakauona. Olondolera alendo amati uli ndi zaka zoposa 800, ndipo amawonjezera kuti David Livingstone ankakumana ndi amishoni anzake pansi pake. Mbali yachiwiriyi ndi yokometsera nkhani. Livingstone adapatsadi malowa dzina la mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town, koma iye adamwalira mu 1873 kwa Chitambo ku Zambia. Amishoni a Livingstonia, mmodzi mwa iwo Robert Laws, adafika pano ndi sitima ya Ilala mu 1875, malungo n'kuwathamangitsira ku Bandawe mu 1881. Mtengowu susowa Livingstone kuti ulemekezeke. Ngati zaka zijazi zili zoona, udamera ufumu wa Kalonga usanamveke m'mbali mwa nyanja ino.

Kuwerenga zaka za mlambe n'kovuta, chifukwa ukakalamba umakhala ndi mphako ndipo nthawi zambiri ndi mathunthu angapo ophatikana. Katswiri wa ku Romania, Adrian Patrut, ndi anzake adayeza milambe ikuluikulu ya mu Africa pogwiritsa ntchito kaboni wa mu mtengomo. Adapeza kuti mlambe wa Panke ku Zimbabwe udafika zaka pafupifupi 2,450. Koma zimene adalengeza mu 2018 zinali zachisoni: mwa milambe 13 yakale kwambiri, 9 idafa kapena kugwa mbali zake zakale m'zaka 12 zokha, ndipo wa Panke uja ndi umodzi mwa imeneyo.

M'mawa ndinakwera phiri ndi mnyamata wa m'mudzi wa Chembe. Tisanapite patali anandigwira mkono.

"Achimwene, dzerani uku. Icho ndi chitedze."

Zikanakhala za ine ndekha ndikanalowamo. Chinali chitayanga pa chitsamba chouma, nyemba zake zili lende, zokutidwa ndi ubweya wofiirira wonyezimira padzuwa, wokongola ndithu. Ubweyawo ukauma umauluka ndi kamphepo kalikonse, ndipo ukakugwera umakanda mpaka kuvula malaya pagulu. Palibe amene amadzala chitedze, palibenso amene amalimba mtima kukachisadza. Njira ndi imene imachilambalala.

Potsika tinadutsa mpanda wa nkhadze wozungulira khola. Mnyamatayo anathyola kanthambi ka nkhadzeyo atakagwira ndi tsamba la mtengo wina, osati ndi dzanja, utomoni woyera n'kutuluka nthawi yomweyo. Umenewu ukalowa m'diso umawotcha koopsa, munthu n'kukhala masiku osaona. Kumudzi amathamangira kwa mayi woyamwitsa kuti adonthezere mkaka, koma chothandiza ndi kutsuka disolo ndi madzi oyera ambiri n'kuthamangira kuchipatala. Nkhadze ng'ombe siidya, chiswe sichiikonda, utsi wake palibe amaufuna kukhitchini, ndiye imangokula. M'manda ambiri ndi imene imasonyeza malire, ndipo mkati mwa mandamo ndi momwe mudatsalira mitengo yachilengedwe imene kunja idatha, popeza nkhuni za kumanda palibe amaphikira.

Tinakamba za katupe, amene ena amasinja n'kuthira m'maiwe a mitsinje madzi akachepa kuti nsomba ziledzere n'kuyandama. Amapha zazikulu ndi tiana tomwe, n'chifukwa chake lamulo la za usodzi la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni. Tinakambanso za mwavi, mtengo wa m'mbali mwa mitsinje umene khungwa lake linkaweruza milandu ya ufiti: wosanza ndi wosalakwa, wakufa ndiye mfiti. Kwenikweni woweruza anali wosinja uja, poti ndiye ankadziwa muyeso. Boma la atsamunda lidaletsa kumwetsa mwavi m'lamulo la za ufiti la 1911, ndipo mnyamatayo, wobadwa dzana lomweli, ankaudziwa dzina lokha.

Nkhani imene imandiwawa ndi ya kombe, chomera choyanga cha m'nkhalango zotentha za chigwa cha Shire, chimene alenje ankapaka ku mivi. John Kirk, dokotala amene ankayenda ndi Livingstone, adasunga pang'ono m'thumba momwe munalinso mswachi wake. Potsuka mano adamva kuwawa, kenako n'kuona kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Nthanga zidapita ku Edinburgh, kumene Thomas Fraser adazifufuza, ndipo pofika zaka za m'ma 1880 kombe adali mankhwala a matenda a mtima ku Ulaya, dziko lino n'kumatumiza nthangazo kunja ngati malonda. Mayina a Kirk ndi Fraser ali m'mabuku a zachipatala. A alenje amene ankadziwa kusinja, kusakaniza ndi kudula nyama yozungulira bala kuti yotsalayo idyedwe, palibe adawalemba.

Pobwerera ku Monkey Bay ndinkayang'ana milambe yaing'ono, ndipo m'minda ndinkaona ikuluikulu yokhayokha. Mlambe ukangomera sufanana ndi make. Tsamba lake limakhala limodzi losagawikana, osati la zala zisanu lija, motero wolima amaupalira pamodzi ndi udzu osadziwa. Wopulumuka khasu umadyedwa ndi mbuzi, ndipo mbuzi ku Mangochi n'zosawerengeka. Nthanga zambiri tsopano zimachoka m'mudzi m'matumba a ogula malambe, kukatayidwa m'tauni akachotsa ufa. Kudzala kwake sikovuta: nthanga amaiviika m'madzi otentha kapena kuipala khungu kuti imere msanga, ndipo ku Mali akatswiri adaonetsa kuti mlambe womezanitsa umabereka usanathe zaka 5. Chofunika kwambiri ndi kampanda ka minga kotchinga mbuzi kwa zaka zoyambazo. Wa kabaza amene ananditenga pa mphambano nditamufotokozera zimenezi anaseka, nati iye sadaonepo munthu akuthirira mlambe.