Ndadima kale, achimwene

Kwathu kwa Mkhumba, m'zaka za m'ma 1980, galimoto ikadutsa usiku inkakhala nkhani yokamba m'mawa pachitsime. Phalombe inali isanakhale boma payokha, tinali pansi pa Mulanje mpaka 1998, ndipo msewu wochokera ku Chitakale kudzera kwathu mpaka ku Jali ndi Zomba unali fumbi m'chilimwe, matope m'dzinja. Zoyenda mumdima zinali zodziwika: lole yonyamula chimanga cha ADMARC, Land Rover ya ku mishoni, kapena pikapu ya Peugeot imene yachedwa ndi matola. Zonsezi zinali ndi magetsi amtundu umodzi, achikasu, ofooka, oti munthu unkatha kuwayang'ana ali chapatali osaphethira.

Amalume anga ankayendetsa lole, ndipo ndi iwo amene anandionetsa kabatani kachitsulo kamene kanali pansi, kumanzere kwa kilatchi. Dalaivala ankakaponda ndi phazi. Akaponda kamodzi magetsi ankakwera, akapondanso ankatsika. Madalaivala ankangoti fulu ndi dimu, ndipo mpaka lero amatero. Lamulo lake linali losavuta: ukaona mnzako akutulukira kutsogolo, dima. Iye akaiwala, muphethirire kamodzi. Akapanda kumva, muphethirire kawiri. Akaumabe mutu, pamenepo amalume ankamutchula mayina amene sindingalembe m'magazini. Koma chinthu chimodzi chinali chosakayikitsa: ukathobwa m'maso, unkadziwa kuti munthuyo sanadime, ndipo iyenso ankadziwa kuti walakwa.

Chimene chinkapangitsa mlanduwo kukhala wosavuta kuweruza ndi kapangidwe ka babu. Babu la halogen limene linafala kwambiri kuno, lija amalitcha H4, linayamba kugwiritsidwa ntchito ku Ulaya cha mu 1971, ndipo mpaka pano ndi limene lili m'maminibasi ambiri. M'kati mwake muli timawaya tiwiri ta tungsten topotedwa. Magetsi akadutsamo, kawayako kamatentha mpaka kuwala. Kena ndi ka fulu, ka mawati 60, ndipo kamakhala pakatikati penipeni pa mbale yonyezimira ya kumbuyo kwa nyali, kotero kuwala konse kumaponyedwa kutsogolo, kutali. Kenako ndi ka dimu, ka mawati 55, kali patsogolo pang'ono, ndipo pansi pake anaikapo kachitsulo kopindika kotchinga. Kuwala kwa kawaya kameneka kumangofika kumtunda kwa mbale ija, ndipo mbaleyo imakubweza chotsika, kugwera pamsewu. Mukasintha, kamodzi kamazima, kanzake kamayaka nthawi yomweyo. Mpweya wa halogen umene uli m'babumo, iodine kapena bromine, ntchito yake ndi kubwezera pawaya tizidutswa ta tungsten tothawa ndi kutentha, kuti galasi lisade ndiponso waya usaduke msanga. N'chifukwa chake makaniko odziwa ntchito sagwira galasi la babu latsopano ndi zala: mafuta a m'manja amapsa pamenepo ndi kulifooketsa.

Onani kuti mawati 60 ndi 55 sasiyana kwenikweni. Dimu si kuchepetsa moto ayi, ndi kuulozetsa pansi. Mfundo imeneyi ndi imene anthu ambiri oyendetsa galimoto lero saimvetsa, ndipo mavuto athu a usiku achokera pomwepo.

Mu 1991, chaka chimene napolo anatsika m'phiri la Michesi mwezi wa Malichi ndi kukokolola midzi ku Phalombe, ku Germany kampani ya BMW inatulutsa galimoto yoyamba yokhala ndi magetsi a xenon. Ife sitinamve n'komwe, tinali ndi maliro. Magetsiwo anatipeza patapita zaka zambiri, pamene galimoto zakale za ku Japan zinayamba kulowa mwaunyinji kudzera ku Dar es Salaam, Durban ndi Beira. Anthu atayamba kuona kuwala koyera kopita kubuluu kukubwera m'msewu, ena ankati ndi galimoto ya nduna.

Babu la xenon lilibe waya woti utenthe. Lili ndi timitu tiwiri tachitsulo totalikirana mamilimita 4 okha, m'kabotolo kodzaza mpweya wa xenon ndi mchere wa zitsulo zina. Kuti liyake, kabokosi kotchedwa ballast kamakankha mavoti oposa 20,000 kwa kanthawi kochepa, moto n'kudumpha kuchoka pakamutu kena kupita pa kanzake. Ukadumpha, mphamvu imatsika n'kukhazikika, babu n'kumadya mawati 35 okha koma likuwala kawiri kapena katatu kuposa la halogen. Apa palibe chodandaula. Vuto ndi lakuti motowo sufika pachimake nthawi yomweyo. Umayamba ndi kung'anima, kenaka umazirala, n'kumakwera pang'onopang'ono kwa masekondi angapo mpaka mchere uja utasungunuka n'kusanduka nthunzi. Komanso kuyatsa ndi kuzimitsa pafupipafupi kumalidya babulo moyo, ndipo si lotsika mtengo.

Tsono fulu amafuna changu. Mukakhota pakona n'kuona mdima, mukufuna kuwala pompo. Mukafuna kuphethirira mnzanu, mukufuna kuthwanima kwa theka la sekondi. Babu lochita kudzuka mwaulesi silingagwire ntchito imeneyo. Opanga galimoto anathetsa nkhaniyi m'njira ziwiri.

Njira yoyamba, imene ili m'galimoto zambiri za ku Japan zimene timagula, ndi kugawa ntchito. Dimu ndi xenon, imayaka kamodzi n'kukhala choyaka ulendo wonse. Fulu ndi babu lina la halogen lapadera, monga HB3 kapena H7, lokhala m'chipinda chakechake. Mukaika fulu, dimu sizima, halogen imangowonjezera pamwamba. Zotsatira zake n'zoti pafupi pamaoneka poyera mbee, kutali pachikasu, ndipo eni galimoto ambiri amaganiza kuti mababu a fulu atha mphamvu. Sanathe. Anapangidwa choncho dala.

Njira yachiwiri inabwera cha mu 1999 ndi Mercedes-Benz, ndipo amaitcha bi-xenon. Babu ndi limodzi, limayaka mofanana nthawi zonse, lili kumbuyo kwa galasi lokhuthala lozungulira. Pakati pa babu ndi galasilo pali kachitseko kachitsulo kamene kamachita ngati chikope: pa dimu kamatchinga mbali ya kuwala imene ikanapita m'maso mwa anthu, pa fulu maginito amakakoka n'kutsegula. Mukaima pafupi ndi galimoto yotere injini ili chete, mumamva "kha!" dalaivala akasintha. Imikani galimoto yotere moyang'ana khoma usiku, muona mzere woongoka ngati wojambula ndi rula: pansi kuwala, pamwamba mdima, kumanzere kokwera pang'ono kuti dalaivala aone m'mbali mwa msewu ndi zikwangwani. Mwayi wathu ndi wakuti ku Japan amayenda kumanzere ngati ife, ndiye mzerewo umatiyenera. Galimoto yopangidwira maiko oyenda kumanja, kukwera kwakeko kumalunjika m'maso mwa amene mukukumana naye.

Ndinene poyera, xenon ya ku fakitale si imene yatisokoneza. Ikakhala bwino, dimu yake ndi yaulemu kuposa ya malole a amalume. Ku Ulaya lamulo limafuna kuti nyali zowala chonchi zikhale ndi makina odziwongolera okha galimoto ikalemedwa, komanso timipope totsuka galasi, chifukwa fumbi pagalasi limamwaza kuwala. Chimene chatisokoneza ndi mababu a xenon ndi a LED ogulitsidwa m'timabokosi m'mashopu a zipangizo, olembedwa kuti alowa pamalo pa H4. Kulowa amalowadi. Koma mbale ya nyaliyo anaiumba moyeza kawaya kakang'ono kokhala pamalo amodzi enieni, ndi kachitsulo kake kotchinga pansi. Mukaikamo moto wa maonekedwe ena, wowala katatu, wokhala pambali ndi mamilimita ochepa chabe, mbale imauponya paliponse: m'mitengo, pamadenga, m'maso. Ena mwa mababuwa ali ndi kamaginito kokankha babu lonse kutsogolo ndi kumbuyo kuti kanamizire dimu ndi fulu. M'fumbi ndi m'mabampu a njira za m'midzi kamakanirira, dalaivala n'kumayenda osadziwa kuti chimene wasintha ndi kanyali kabuluu ka padashibodi kokha.

Tsiku lina madzulo ndinakwera imodzi mwa galimoto zing'onozing'ono zija zasanduka matakisi, kuchokera ku Migowi. Aliyense wokumana nafe ankatiphethirira. Bambo wina wachikulire amene anakhala kutsogolo anati, "Adalaivala, tadimaniko, mukuwapweteka anzanuwo." Mnyamatayo anayankha mosakwiya, "Madala, ndadima kale. Akufuna aone fulu?" Anakoka kandodo kosinthira magetsi, ndipo wa minibasi amene ankabwera anachita kuima m'mbali. Mnyamata uja sananame, anali atadimadi. Wa minibasi nayenso sanalakwe kudandaula. Chizindikiro chophethirira chija chimene kale chinali chikumbutso cha paubale tsopano chimamveka ngati kutukwana, ndipo yankho lake ndi kubwezera. Ndaona galimoto ziwiri zikudutsana zonse zili pa fulu, madalaivala onse awiri osaona kanthu, aliyense akuti akuphunzitsa mnzake.

Palinso katundu. Nyengo ya nandolo ndi mpendadzuwa, galimoto yopangidwira banja la anthu 7 imanyamula anthu oposa pamenepo, matumba kubuti, nkhuku pamwamba pa matumba. Kumbuyo kumatsika, mphuno imadzuka, ndipo dimu yabwinobwino imasanduka fulu. Galimoto zambiri za ku Japan zili ndi kagudumu kakang'ono pafupi ndi chiwongolero, kolembedwa manambala kuyambira pa 0. Ntchito yake ndi yomweyi: mukalemedwa, mukweze nambala, nyali ziweramire pansi. Madalaivala amene ndawafunsa, ambiri amaganiza kuti ndi kochepetsera kuwala kwa padashibodi. Makaniko wina wa pansi pa mtengo anandiuza kuti anthu amabwera kwa iye kudzapempha magetsi owala kwambiri, koma wobwera kudzapempha kuti awaloze bwino sanamuonepo, ngakhale ndi ntchito ya sikuludiraiva ndi khoma basi.

Amene amalipira zonsezi sali m'galimoto. Phalombe ndi dziko la njinga zakapalasa. Tsiku la msika anthu amabwerera kwawo kutada, wina ndi mtolo wa nzimbe, wina ndi dengu la matemba a ku Chilwa, mayi pakaliyala mwana kumbuyo. Kale njinga ya munthu wodzilemekeza inkakhala ndi dainamo yokhuza tayala, lero ambiri amangoluma tochi kapena kuyatsa foni, enanso alibe chilichonse. Phula litafika, liwiro linakwera. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadya mamita 22 pa sekondi iliyonse, ndipo diso lothobwa limafuna masekondi angapo kuti libwerere, la munthu wamkulu limachedwa kuposa la mnyamata. Wapanjinga amene ali kumanzere kwa msewu pa nthawi imene galimoto ziwiri zikudutsana ali m'malo amene dalaivala wa kumbuyo kwake sakuona. Nayenso wathobwa, sakuona pamene phula lathera. Ambiri anaphunzira kungotsika n'kuima m'tchire mpaka zidutse. Onjezanipo njinga zamoto za kabaza, zambiri zolowa kuchokera ku Mozambique, zimene anyamata amamangirira timagetsi ta LED pachiwongolero ndi pamafoloko. Timeneto tilibe dimu n'komwe.

Sindikulakalaka kubwerera ku magetsi achikasu aja. Amene anayendapo usiku pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene milatho inaduka ndipo miyala ya m'phiri inali pakati pa njira, akudziwa kufunika kwa fulu yofika kutali. Mbuzi, dzenje, lole yofera pamsewu yoikidwa masamba m'malo mwa zikwangwani, zonsezi zimaoneka msanga ndi magetsi a masiku ano. Koma chiperoni chikagwa mu Juni ndi Julaye, nkhungu itakuta Michesi ndi Mulanje, fulu yamtundu uliwonse imagunda timadontho ta madzi n'kubwerera kwa mwini wake, ndipo ikakhala yowala kwambiri khoma loyeralo limakulanso. Madalaivala akale ankadziwa kuti m'nkhungu ndi m'fumbi la galimoto ya kutsogolo umayenda pa dimu. Achinyamata ambiri amawonjezera moto.

Tsopano kwayamba kufika galimoto zimene zimadzidimira zokha. Kuseri kwa galasi loonera kumbuyo kuli kamera imene imayang'ana msewu. Ikaona magetsi oyera akubwera, kapena ofiira a galimoto ya kutsogolo, imatsitsa fulu, zikadutsa imakwezanso. Zina zodula, monga zimene Audi inayamba kupanga mu 2013, zili ndi timababu ta LED tambirimbiri, ndipo zimangozimitsa tokhato tolunjika pa galimoto inayo, kwina konse kukuwalabe. Ndi nzeru yabwino, ndipo idzachepetsa mikangano ya madalaivala ikadzafala. Koma kamerayo imasaka magetsi. Pakati pa Phalombe ndi Migowi, ambiri oyenda usiku ndi apansi ndi apanjinga opanda nyali, ndiye galimoto yotere imawaunika ndi fulu mpaka kuwadutsa, pokhapokha dalaivala atatambasula dzanja n'kudima yekha.