Lipenga la atate ndi timawaya ta m'makutu

Lero tipumuleko ku galamala, tikambe za magule ndi nyimbo.

Loweruka lapitali ndinakwera boti ku Metangula kupita ku Cóbuè kukaona amayi. Mwera unali utagona, nyanja ili bata. Pafupi nane panakhala anyamata atatu, aliyense timawaya m'makutu, aliyense akugwedeza mutu payekha. Palibe amene ankadziwa chimene mnzake akumva. Ndinafuna kuwaseka, koma popisa dzanja m'thumba kuti ndilipire boti ndinatulutsa timawaya tanga, titakolana ndi ndalama. Ndinangokhala chete.

Ine nyimbo ndinayamba kuimvera m'chifuwa. Atate anali a nganda. Ng'oma yaikulu ikalira madzulo kubwalo, inkagunda mpaka m'nthiti, ndipo nsima ya chinangwa tinkaisiya m'mbale. Nthawi yake inali ya chilimwe, anthu atakolola. Gulu lililonse la ovina tinkalitcha boma, ndipo linali ndi mfumu yake, kaputeni wake, ngakhale dokotala wake woyendera mizere. Boma la mudzi wina likamabwera kudzapikisana ndi lathu, mudzi wonse unkasesedwa, amayi n'kusinja kwa masiku angapo kuti alendo asakatinene kwawo.

Zovala za atate zinkagona m'bokosi lachitsulo: kabudula woyera, malaya oyera, sokosi zofika m'maondo. Amayi ankazichapa kunyanja m'mamawa madzi asanavunduke, koma kusita ankasita okha atate ndi simbi yamakala. Wina aliyense samaloledwa kuzikhudza. Munthu amene sabata yonse ankanunkha usipa, tsiku limenelo ankayenda ngati bwanamkubwa, kansalu koyera kali m'dzanja, phazi likutera pansi mosafulumira. Pa nganda sipafunika liwiro. Chofunika n'chakuti amuna makumi awiri akweze bondo nthawi imodzi, atembenuke nthawi imodzi, ngati ali ndi msana umodzi.

Ife ana tinali ndi ntchito yathu. Malipenga a nganda ndi a zikho zazitali, ndipo kuti lipenga lilire bwino amamatapo kansalu koyera kamene kangaude amalukira mazira ake pakhoma. Tinkazungulira m'nyumba ndi m'nkhokwe kufunafuna timeneti. Ukapeza kabwino, atate ankakulola kuti uyimbire m'lipenga kamodzi. Ndikuti kuyimbira, chifukwa lipenga limeneli sauzira mpweya chabe. Umayimbiramo nyimbo ndi mawu ako, chikho n'kuikuza.

Nditakula ndinamva kuti gule ameneyu anatengera perete wa asilikali. Amuna amene anabwerako ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918 anabwera ndi mayendedwe a usilikali, anthu n'kuwasandutsa gule. N'chifukwa chake ali pachibale ndi beni, ndi malipenga a ku Likoma ndi ku Nkhata Bay, ndiponso mganda wa m'chigawo chapakati cha Malawi. Wolemba mbiri Terence Ranger analemba buku lonse la nkhaniyi mu 1975. Komatu asilikali anangobweretsa mizere ndi wenzulo. Mawu a nyimbo anali athu, a Chinyanja cha kuno kunyanja.

Amayi anali a chioda. Akavala kapulana zofanana, inayo atamanga m'chiuno, ankapanga bwalo ng'oma zili pakati. Kumeneko ndi kumene mudzi unkamvera nkhani zake. Mwamuna womwera ndalama za utaka, mpongozi wolowerera za m'nyumba ya ana ake, mnyamata wopita ku Joni osalembako kalata, onse ankaimbidwa. Dzina silinkatchulidwa, koma mwini nkhani ankadzidziwa. Chaka chilichonse kunkabwera nyimbo zatsopano, ndipo palibe inalembedwapo papepala.

Nkhondo itafika kwathu m'zaka za m'ma 1980, tinathawira ku Likoma usiku pabwato. Kuchokera ku Cóbuè chilumbacho umachiona ndi maso, koma usiku umenewo chinatalika. Tinasiya mbuzi, tinasiya mphasa. Atate ananyamula ukonde, wailesi ndi bokosi lachitsulo lija. Amayi anakalipa kuti bokosilo likulemetsa bwato, iwo osayankha.

Ku Likoma ndi kumene wailesi inasanduka mnzanga. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa kuti atifikitse madzulo. Pa MBC tinkadikira Nyimbo za M'maboma ndi Zokonda Amayi. Ndinamva banjo ya Allan Namoko, gitala ya Daniel Kachamba, nyimbo za Alleluya Band ya ku Balaka. Wailesi inali imodzi, omvera khumi ndi awiri, tonse pamchenga. Nyimbo ikatha agogo ankafunsa kuti woimbayo amatanthauzanji, ndipo mkangano unkayambira pomwepo. Chichewa cha pa wailesi chinkasiyanako ndi kayankhulidwe kathu, choncho tinkafananiza: iwo amati chakuti, ife timati chakuti. Phunziro langa loyamba la chiyankhulo linali limenelo, ngakhale panalibe bolodi.

Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 October 1992 tinabwerera kwathu, ndipo patapita zaka ndinapita ku Lichinga kukaphunzira uphunzitsi. Kumeneko makutu anga anasintha. Ndinagula kawailesi ka kaseti, tepi ndinkaibweza ndi cholembera posunga mabatire. Loweruka tinkavina kizomba ndi passada, wina atagwira mnzake m'chiuno, zimene kwathu zikanaitanitsa bwalo la akulu. Anzathu a kumwera anatiphunzitsa marrabenta ndi nyimbo za Wazimbo. Kwasakwasa wa Kanda Bongo Man ankatithyola miyendo. Zonsezi ndinazikonda ndipo mpaka lero ndimazikonda.

Koma tsiku lina mnzanga wa ku Inhambane anati, “Iwe wa kunyanja, tationetsa gule wa kwanu.” Ndinayankha m'Chipwitikizi kuti sindimudziwa. Mwana wa munthu amene anaolotsa zovala za nganda pakati pa nkhondo, ndinakana. Ndinkaona ngati kabudula woyera ndi chikho ndi zinthu za anthu osapita kusukulu.

Manyazi amenewo ndinalowa nawo m'kalasi. Pa sukulu yanga yoyamba, m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja, tinkaphunzitsa m'Chipwitikizi chokha. Munali mtsikana wina wamkulupo kuposa anzake, wokhala kumbuyo, amene chaka chonse sanakwezepo dzanja. Ndikamufunsa ankangoyang'ana pansi. M'kaundula wanga ndinalemba kuti mutu wake ndi wolimba. Tsiku lina ndinamupeza akuyimbira anzake chapansipansi m'Chinyanja nthawi ya masamu, ndipo ndinamugwaditsa panja mpaka belu.

Pa 25 June, tsiku la ufulu, kunali magule pabwalo. Amayi a chioda atalowa, woyambitsa nyimbo anali mtsikana uja. Mawu ake ankafika mpaka kugombe, amayi akuluakulu akumuvomera. Anthu anayamba kuseka, ena akundicheukira. Nditatchera khutu ndinamva kuti nyimboyo ikunena za mphunzitsi amene amacheza ndi bolodi tsiku lonse, ana n'kumangoonerera ngati alendo pa ukwati wa eni. Mayi wina pafupi nane anati, “Aphunzitsi, musakwiye. Wapeka yekha mwanayu. Chaka chino nyimbo zitatu ndi zake.”

Mwana amene ndinamulemba kuti mutu ndi wolimba ankapeka nyimbo zokhala ndi mkuluwiko, zogwirizana ndi ng'oma, zoti mudzi wonse n'kuloweza tsiku limodzi. Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti ndinakonza zinthu. Sindinakonze. Chaka chotsatira sanabwerenso kusukulu, ndipo ndinamva kuti anakwatiwa kutsidya. Pamene maphunziro a ziyankhulo ziwiri ankayamba m'masukulu ena a dziko lino mu 2003, iye anali atapita kale. Ndikamaphunzitsa ana a kalasi yoyamba kuwerenga m'Chinyanja, nthawi zambiri ndimakumbukira mpando wakumbuyo uja.

Amene anandithandiza kuchotsa manyazi otsalawo ndi a Massukos, gulu la ku Lichinga konkuno. Feliciano dos Santos ndi anzake anatenga kaimbidwe ka kuno ku Niassa, n'kumaimba m'Chiyao ndi m'Chinyanja za madzi abwino, zimbudzi ndi kusamba m'manja. Anakaimba mpaka ku Ulaya, ndipo mu 2008 Feliciano analandira mphoto ya Goldman ku America. Ndinadzifunsa kuti, ngati chiyankhulo chimenechi chikukwera ndege, ine ndikuchiletseranji kulowa pakhomo la kalasi?

Lero m'foni mwanga muli chisakanizo. M'mawa pokonzekera ntchito ndimamvera Lucius Banda, amene anatisiya mu 2024. Pochonga makope ndimaika Namoko, chifukwa banjo yake sindilowerera m'maganizo. Agogo Giddes Chalamanda alimo, Wazimbo alimo. Ana anga anandiikiramo amapiano, ndipo ndinayesapo kuvina mpaka bondo linandikumbutsa zaka zanga. Sindidana nazo nyimbo za ana athu. Nafenso akulu ankati kwasakwasa watiwononga. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti nyimbo ya m'timawaya ilibe agogo ofunsa tanthauzo. Imalowa mwa munthu mmodzi n'kuthera momwemo.

Nganda ndi chioda sizinafe. Pa zikondwerero ku Metangula mudzaziona, ndipo ana asukulu amavina bwino ndithu. Koma tayesani kuimitsa mwana mmodzi mumufunse kuti nyimbo imene wavinayo ikuti chiyani. Ambiri mapazi akudziwa, mawu akungotsatira phokoso. Ine ndemwe ndili chimodzimodzi. Atate anamwalira, bokosi lija lili kwa amayi, lipenga linang'aluka. Masitepe awo onse ndikuwakumbukira, koma nyimbo zawo ndimafika nazo pakati n'kusowa kopitira. Loweruka lija ndinayamba imodzi pakhonde, ndipo amayi ndi amene anaimaliza, akundiyang'ana modabwa kuti mphunzitsi wathunthu angaiwale zotere.

Tsono ndayamba kachizolowezi kakang'ono. Lachisanu lililonse mwana mmodzi amabwera ndi nyimbo ya gule imene wafunsa kwa agogo ake kapena azakhali. Amatiyimbira, timailemba pabolodi, kenako timasaka mawu amene sali m'buku lathu: maina a mphepo, a nsomba, a ziwalo za bwato. Tikatero timayesa kuifotokoza m'Chipwitikizi, ndipo pamenepo ana amaona okha kuti mawu ena amakana kuoloka. Amene amakhala chete sabata yonse, Lachisanu ndi amene amatitsogolera. Kunyumba nako, ikakwana nthawi ya chakudya chamadzulo, timawaya timapita m'thumba. Nyimbo imalira pa sipika, lero yosankha ine, mawa yosankha ana, ndipo wosankhayo amatiuza chimene ikunena.

Makolo, nyimbo imene munkavina muli achinyamata, ana anu anaimvapo kuchokera pakamwa panu? Aphunzitsi anzanga a ku Messumba, ku Meluluca, ku Angónia ndi kutsidya ku Malawi, kwanuko gule wake ndi uti, ndipo ndani watsala amene akudziwa mawu ake onse? Tiuzeni m'munsimu. Ine mwezi wamawa ndikubwerera ku Cóbuè ndi kope latsopano. Amayi avomera kundiyimbira, koma ati ndibwere ndi shuga ndipo ndisawadule pakamwa.